Wofuna kumangitsa nyumba yakumtima kwake adziwiretu zimene zikumudikira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anthu amene akhala akusunga ndalama kwa zaka zambiri n'cholinga choti tsiku lina adzamangitse nyumba yogwirizana ndi zofuna zawo, osati kugula imene wina adamanga kale. Ine ndidayendamo m'njira imeneyi, ndipo chilowereni m'nyumba yathu, abale ndi anzanga akhala akubwera kudzandifunsa mmene ntchitoyi imayendera. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti pafupifupi onse amafunsa mafunso awiri okha, loti nyumba yotere imadya ndalama zingati ndi loti mmisiri wabwino angamupeze kuti, ngati kuti ndalama ndi mmisiri zikapezeka, iwo atsala n'kudikira makiyi. Sizili choncho ayi. Womangitsa nyumba amakhala kuti wadzilemba yekha ntchito yosankha, yolemba, yoyang'ana ndi yokana, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo ili pa zinthu zimene zidzakwiririka pansi kapena kubisika m'khoma, zomwe sadzazionanso ndi maso moyo wake wonse.

Inu amene mukukonzekera, dziwani kuti ntchito imayamba njerwa isanafike ngakhale imodzi, ndipo imayambira pa malo. Tsimikizani kuti zikalata za umwini zili m'dzina lanu, kuti malire adayezedwa ndi katswiri wovomerezeka ndipo zizindikiro zake zikuoneka, komanso kuti malamulo a deralo amalola nyumba ya mtundu umene mukufuna. M'madera ambiri malamulo amanena mtunda umene nyumba iyenera kutalikirana ndi msewu kapena malire a mnansi, ndipo amaletsa kumanga pamwamba pa njira ya mapaipi a madzi kapena pansi pa nthambo zikuluzikulu za magetsi. Kufufuza zimenezi n'kosavuta, koma amene wazinyalanyaza amatha kulamulidwa kugwetsa khoma limene walipira kale. Mukaonenso malowo mvula ikugwa, chifukwa malo ooneka osalala ndi ouma nthawi ya dzuwa amatha kukhala njira ya madzi a dera lonse nyengo yamvula ikafika.

Kenako pali dothi lenilenilo, limene ambiri aife timangoliponda osaliganizira. Nyumba yonse, kuyambira malata mpaka njerwa yapansi, imatsamira pa dothi, ndipo dothi silifanana. Lamakande limafufuma likamwa madzi n'kunyala likauma, kotero maziko amene akhala pamenepo amakwera ndi kutsika chaka ndi chaka mpaka khoma litang'ambika. Malo amene padali dzenje kapena dzala n'kungokwiriridwa amatitimira pang'onopang'ono akasenza katundu wolemera, ndipo mitengo ikuluikulu yapafupi imayamwa chinyontho n'kuchititsa kuti dothi la mbali imodzi linyale kuposa la mbali inayo. Kuitana injiniya kuti akumbe maenje oyesera ndi kuona mtundu wa dothi kumaoneka ngati kutaya ndalama pamene mtima uli pa changu choyamba ntchito, koma zimene iye wapeza ndi zimene zimanena ngati nyumbayo ifunika maziko wamba oyenda pansi pa makoma okha, kapena konkire ya zitsulo yoyala pansi pa nyumba yonse. Mng'alu wa pulasitala umakonzeka tsiku limodzi, pamene wochokera m'maziko umabweranso ngakhale muumate kangati.

Pa pulani ndi pamene mtima wa munthu umakondwa kwambiri, ndipo ndi pamenenso ine ndidalakwitsa koyamba. Tidapita kwa katswiri wojambula mapulani titanyamula zithunzi za nyumba zokongola zimene tidaona pa intaneti, ndipo tidatha nthawi yambiri tikukambirana za maonekedwe a kumaso kwa nyumba m'malo mokambirana za mmene banja lathu limakhalira tsiku ndi tsiku. Katswiri wabwino amafunsa mafunso ooneka ngati achabe: amayamba kudzuka ndani, zovala mumachapira kuti ndi kuyanika pati, alendo akabwera amagona kuti, kodi pali wokalamba kapena wolumala amene masitepe angamuvute, nanga ana akadzakula n'kuchoka zipinda zawo zidzagwira ntchito yanji. Amaonanso kumene dzuwa limatulukira ndi kumene limalowera, pakuti mawindo aakulu oyang'ana kumadzulo amalowetsa dzuwa likapendeka, pamene denga lotulukira kunja silingathenso kulitchinga, ndipo chipinda chotere chimasunga kutentha mpaka usiku. Kuika bafa, chimbudzi ndi khitchini moyandikana kumafupikitsa mapaipi. Nyumba ya makona ambirimbiri ndi denga lopindikapindika imadya ndalama zochuluka kuposa ya makona anayi ya kukula komweko, ndipo pamene madenga awiri akumana ndi pamene kudontha kumakonda kuyambira.

Vuto lina n'lakuti ambiri aife sitidziwa kuwerenga pulani, koma timachita manyazi kuvomera. Timangogwedeza mutu poona mizere ndi manambala, kenako makoma akafika m'chiuno timadabwa kuti chipinda chogona n'chaching'ono moti bedi ndi kabati zikalowa chitseko sichingatseguke bwino. Ife zidatichitikira. Tidapempha kuti khoma lisunthidwe, ndipo chinthu chimene papepala chikadangofuna chofufutira chidafuna kugumula njerwa, kukumba maziko ena, kusintha miyeso ya mitengo ya denga imene idali itadulidwa kale, ndi kudikira milungu ingapo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Chimene ndikadachita, ndipo ndimauza aliyense kuti achite, ndi kupita pabwalo ndi tepi, zikhomo ndi chingwe, kulemba pansi chipinda chilichonse pa kukula kwake kwenikweni, n'kuyendamo ngati kuti nyumbayo yatha, kwinaku mukuyerekezera pamene padzakhale bedi, tebulo, firiji ndi chitofu, ndi mbali imene chitseko chilichonse chidzatsegukire. Pulani isasainidwe aliyense amene adzakhale m'nyumbamo asanayendemo chonchi.

Wojambula pulani si amene amawerengera kukula kwa zitsulo. Imeneyo ndi ntchito ya injiniya, ndipo siyenera kudumphidwa, makamaka ngati nyumbayo ndi yosanja kapena ili ndi zipinda zotakata zopanda khoma pakati. Palinso katswiri wowerengera zipangizo ndi mtengo wa ntchito, amene amalemba mndandanda wa chilichonse chofunika, kuyambira matumba a simenti mpaka maloko a zitseko. Mapulaniwo amapita ku khonsolo kapena ku ofesi ya boma yoona za zomangamanga kuti akavomerezedwe, ndipo chilolezo chimatha kutenga milungu kapena miyezi kuti chituluke. Kudikirako n'kowawa, koma nyumba yopanda chilolezo imavuta kuigulitsa, kuiika chikole ku banki kapena kuilembetsa ku inshulansi, ndipo m'malo ambiri oyendera a boma amayenera kuona maenje a maziko konkire isanathiridwe.

Za ndalama ndinena mosabisa kuti zidzaposa zimene mwawerengera. Sikuti nthawi zonse chimakhala chinyengo ayi. Pokumba mutha kupeza thanthwe kapena madzi, mitengo ya zipangizo imasintha ntchito ili m'kati, ndipo inu eni mudzafuna matailosi abwinoko mukadzawaona ndi maso. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amalangiza kupatula 10 mpaka 20 peresenti ya bajeti yonse kuti ikhale ya zogwa mwadzidzidzi, ndipo ndalama imeneyi isamaonedwe ngati yogulira zokongoletsa. Palinso zinthu zimene kawirikawiri sizikhala m'mtengo umene kontirakitala wapereka, monga kulumikiza madzi ndi magetsi, thanki ya zimbudzi, ngalande za madzi a mvula, mpanda, njira ya galimoto, mlonda wa pamalopo ndi malipiro a akatswiri aja. Mufunseni kuti atchule chimodzichimodzi zimene zili m'mtengo wake ndi zimene mulibe.

Chimene chimapusitsa anthu ambiri ndi liwiro la makoma. Njerwa zimakwera mofulumira, pakangopita milungu yochepa nyumba yafika pa lintala, posakhalitsa malata akhomedwa, odutsa m'njira ayamba kukuyamikirani kuti mwamaliza, ndipo inunso mumayamba kukhulupirira. Zoona zake n'zakuti nyumba ikafoleredwa, gawo lalikulu la ndalama ndi nthawi limakhala lidakali kutsogolo, pakuti mawindo, zitseko, mawaya, mapaipi, pulasitala, siling'i, pansi, makabati a kukhitchini, zipangizo za m'bafa ndi penti zikaphatikizidwa zimatha kufanana ndi mtengo wa chigoba chonsecho kapena kuuposa kumene. Nyumba zimene timaziona zitaima zaka zambiri zopanda mawindo, udzu utamera m'kati, eni ake ambiri sadali anthu osaganiza. Adangowerengera kulekeza padenga. Ngati ndalama zili zochepa, n'kwanzeru kuchepetsa kukula kwa nyumba idakali papepala, kapena kupempha kuti pulani ijambulidwe m'njira yoti zipinda zina zidzawonjezedwe m'tsogolo popanda kugumula, kusiyana ndi kuyamba chinyumba chimene mudzachisiyire panjira.

Posankha kontirakitala musakhutire ndi zithunzi za pafoni. Pitani mukaone nyumba imene adamanga zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, imene yaona mvula kangapo, ndipo mukacheze ndi mwini wake iyeyo palibe. Funsani ngati adamaliza pa nthawi yake, ngati ankabwera akaitanidwa kudzakonza zolakwika, ndi mmene ankachitira pakabuka kusamvana pa ndalama. Landirani mitengo kuchokera kwa anthu atatu kapena kuposerapo, onse atawerengera pa pulani imodzi ndi mndandanda umodzi wa zipangizo, ndipo mtengo wotsikitsitsa muuyang'ane ndi diso lokayika, chifukwa amene watsitsa kwambiri mwina waiwala zina, apo ayi akudziwa kuti adzabweza ndalamazo pochepetsa simenti kapena pokutchulirani zowonjezera ntchito ili pakati, pamene simungathenso kumusiya.

Zonse zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale mmisiriyo atakhala mbale wanu, pakuti chibale chimasungika bwino pamene aliyense akudziwa zimene adalonjeza. Mgwirizanowo unene ntchito yeniyeni imene idzagwiridwe, tsiku loyamba ndi lomaliza, amene adzagule zipangizo, amene adzayankhe zipangizo zikabedwa kapena wantchito akavulala, ndi mmene mudzasiyanirane zinthu zikavuta. Malipiro aziyenda ndi ntchito imene yatha ndipo yaonedwa, monga maziko, makoma ndi denga, osati ndi masiku a pakalendala. Ine ndidapereka ndalama zochuluka ntchito isanafike pamene zidayenera kuperekedwa, chifukwa ndidamva chisoni mmisiri atandifotokozera mavuto ake, ndipo milungu yotsatira pamalopo padali zii, anthu onse atapita kukagwira ntchito ina. Kuyambira tsiku limenelo ndidasanduka wopempha pa ntchito yanga yomwe. M'migwirizano yambiri ya zomangamanga mwininyumba amasunga 5 peresenti, pena mpaka 10, pa malipiro aliwonse. Theka la ndalama yosungidwayo amapereka nyumba ikatha, ndipo lotsalalo amapereka patapita miyezi 6 kapena 12, zolakwika zimene zaoneka zitakonzedwa. Kusintha kulikonse kumene mwaganiza ntchito ili m'kati nakonso kulembedwe, pamodzi ndi mtengo wake ndi masiku amene kudzawonjezere, musanalole kuti kuchitike, chifukwa mawu oti tidzaonana pomaliza ndi amene amabala milandu.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba kalatayi. Pa ntchito yonse pali masiku ochepa amene simuyenera kusowa pamalopo, ngakhale zitafuna kupempha tchuthi kuntchito, ndipo ngati simungathe, pakhale munthu wodziwa amene akulipidwa ndi inuyo, osati ndi kontirakitala. Loyamba ndi tsiku loyeza ndi kukhoma zikhomo. Amisiri amapeza kona yowongoka poyeza mamita 3 mbali imodzi ndi mamita 4 mbali inayo, ndipo ngati mtunda wa pakati pa nsonga ziwirizo wakwana mamita 5, konayo ili bwino. Pa chipinda cha makona anayi, zingwe ziwiri zopingasa kuchokera kona ina kufika kona yoyang'anana nayo ziyenera kufanana kutalika. Aliyense angathe kugwira tepi n'kutsimikiza zimenezi, ndipo kulakwitsa kwa masentimita ochepa pa tsikuli kumadzaonekera pa matailosi odulidwa mopendama ndi pa denga lokana kukhala bwino. Tsiku lachiwiri ndi limene maenje a maziko akumbidwa ndipo zitsulo zayalidwa, konkire isanathiridwe. Onani ngati maenjewo afika pa dothi lolimba, ngati zitsulo zili za kukula ndi kuchuluka kumene injiniya adalemba, komanso ngati zakwezedwa pa timiyala ta simenti kuti konkire izizungulire mbali zonse. Chitsulo cha m'maziko chimafunika kukutidwa ndi konkire yochindikala mamilimita 40 mpaka 75, malinga ndi mmene pansi pakonzedwera, chifukwa chikakhudza dothi chimachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limafufuma n'kuphwanya konkire kuchokera m'kati.

Pa konkire ndikufuna ndichedwepo pang'ono, popeza ndi pamene anthu ambiri, ngakhale amisiri ena, amalakwitsa popanda cholinga choipa. Timakonda kunena kuti konkire ikuuma, ndipo mawu amenewa ndi amene amatisocheretsa. Konkire silimba chifukwa chouma. Imalimba chifukwa simenti ikakumana ndi madzi imasanduka chinthu china cholimba chimene chimagwira mchenga ndi miyala pamodzi, ndipo kusandukako kumafuna chinyontho kwa masiku ambiri. Ikaumitsidwa msanga ndi dzuwa kapena mphepo, kulimbako kumalekera panjira ndipo pamwamba pake pamang'ambika. N'chifukwa chake imayenera kuthiriridwa, kapena kufunditsidwa masaka onyowa kapena pepala la pulasitiki, kwa masiku osachepera 7. Pofika tsiku la 7 imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu zake, ndipo mphamvu imene injiniya amawerengera ndi ya tsiku la 28. Komabe madzi omwewo akachuluka posakaniza amaifooketsa, chifukwa otsalawo akadzachoka amasiya timabowo tosaoneka ndi maso. Amisiri amakonda kuwonjezera madzi kuti konkire iziyenda mosavuta pa fosholo ndi mu wilibala, ndipo ine ndidaimirira pomwepo n'kumaonerera, osadziwa kuti pansi pa khonde langa pakuwonongeka. Patangopita chaka padayamba kunyenyeka. Mchenga ukhale woyera wopanda dothi, simenti isungidwe pouma pamwamba pa matabwa, ndipo thumba limene lachita mibulu yolimba lisagwiritsidwe ntchito. Pa nyumba yosanja pemphani kuti atengeko konkire pang'ono m'zikombole n'kukaiyesa mphamvu ku labotale, ndipo musalole kuti mitengo yochirikiza silabu, yomwe ndi konkire ya pansi pa zipinda zam'mwamba, ichotsedwe injiniya asanavomere, ngakhale mmisiri atanena kuti akuifuna kwina.

Pansi pa nyumba, dothi lodzazira liyenera kutsenderedwa pang'onopang'ono, masentimita pafupifupi 15 nthawi imodzi, osati kulikhuthula lonse n'kungopondaponda pamwamba. Kumene kuli chiswe, mankhwala amathiridwa nthawi imeneyi, kenako n'kuyala pepala lochindikala la pulasitiki loletsa chinyontho, lomwe siliyenera kubooka. M'khoma namonso mumaikidwa kansalu koletsa chinyontho pa msinkhu wosachepera masentimita 15 kuchokera pa dothi lakunja. Zinthu zimenezi n'zotsika mtengo, zimaikidwa m'maola ochepa ndipo zimabisika tsiku lomwelo, koma zikasowa, m'munsi mwa makoma mumakhala monyowa, penti imasupuka chaka chilichonse ndipo m'nyumba mumamveka fungo la chinyontho limene silichoka. Nyumba yotere, ngakhale ikongole bwanji kunja, ndi chikomekome cha mkuyu. Padenga chofunika kuona si mtundu wa malata wokha, koma mmene mitengo yamangiriridwira ku khoma, chifukwa mphepo yamkuntho sikankha denga chabe, imalinyamula m'mwamba, ndipo denga limene langokhazikidwa popanda zitsulo zoligwira mwamphamvu limatha kuchoka lonse usiku umodzi.

Nthawi ina yosayenera kuiphonya ndi ya pulambala ndi wa magetsi. Iwo asanayambe, yendani chipinda ndi chipinda muli ndi choko m'manja, mulembe pakhoma pamene mukufuna soketi, switchi ndi mpopi uliwonse, pakuti soketi yowonjezera pa nthawiyi imadya ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi kudzagoba khoma lopentedwa kale. Akamaliza, pulasitala isanapakidwe, mapaipi a madzi adzazidwe n'kusiyidwa ndi mphamvu ya madzi kuti muone ngati pali podontha. Paipi yotaya zonyansa ikhale yotsetsereka moyenera, kawirikawiri kutsika sentimita imodzi pa masentimita 40 mpaka 80 aliwonse, chifukwa ikagona kwambiri imatsekeka. Magetsi aikidwe ndi munthu wa chiphaso, akhale ndi waya wopita m'nthaka ndi chipangizo chowadula chokha munthu akagwidwa nawo, ndipo mulandire chikalata chosonyeza kuti adayesedwa. Kenako tengani foni mujambule khoma lililonse, tepi ili pambali, makoma asanamatidwe. Zithunzi zimenezi zidzakuthandizani patapita zaka, tsiku limene mudzafune kukhoma msomali kapena kufufuza pamene madzi akutayikira.

Ntchito yomalizitsa imayenda pang'onopang'ono moti mutha kupita pamalopo milungu iwiri yotsatizana osaona chimene chasintha. Wina amadikira mnzake: wa siling'i sangatseke wa magetsi asanamalize, wa penti amadikira kuti pulasitala iume, zomwe zimatenga milungu, ndipo makabati sangayezedwe bwino makoma asanasalazidwe. Mmodzi akachedwa, onse obwera m'mbuyo mwake amachedwa, ndipo ena amapita ku ntchito zina n'kudzabwerera akapeza mpata. Mvula nayo imaimitsa kukumba ndi kuthira konkire. Koma ndivomereze kuti kuchedwa kwina kumachokera kwa ife eni nyumba. Nthawi imeneyi mafunso amabwera tsiku lililonse, la mtundu wa matailosi, la kutalika kwa sinki, la zogwirira zitseko, la penti ya pabalaza, ndipo mmisiri amene sadayankhidwe amaima kapena amasankha yekha. Mutu umatopa, ndipo m'banja mumatha kubuka mikangano pa tizinthu timene kale simukadakanganirana. Ine ndi mayi a kunyumba tidazindikira mochedwa kuti ndi bwino kusankhiratu zinthu zimenezi ntchito idakali ku maziko, kuzilemba m'kope limodzi, ndi kugwirizana kuti mmodzi yekha ndiye azipereka malangizo kwa kapitawo. Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi, musauze mwini wake tsiku lotulukira potengera lonjezo la pakamwa, koma siyani mpata wokwanira, poti kusamukira m'nyumba imene amisiri adakali m'kati kumachedwetsanso ntchito.

Pa zonsezi sindikunena kuti amisiri ndi adani. Ambiri ndi anthu aluso amene amagwira ntchito yolemetsa padzuwa ndi pamwamba pa makwerero, ndipo makoma a nyumba yanga ndi owongoka chifukwa cha manja awo. Mwininyumba amene amachedwetsa malipiro a ntchito yomwe yatha, amene amasintha maganizo mlungu uliwonse, kapena amene amakalipira wothandiza mmisiri pamaso pa anzake, nayenso amawononga nyumba yake. Mukaona cholakwika, lankhulani ndi kapitawo pambali tsiku lomwelo, mulembe m'kope la pamalopo ndipo nonse musainire. Onetsetsaninso kuti pali madzi akumwa, chimbudzi ndi makwerero olimba, popeza moyo wa munthu amene wagwa kuchokera padenga lanu palibe mgwirizano umene ungaubwezere.

Tsiku lolandira makiyi musapite ndi chisangalalo chokha. Pitani ndi kope ndi cholembera, masana kukuwala. Tsegulani ndi kutseka chitseko ndi windo lililonse, yatsani nyali zonse, yesani soketi iliyonse, tsegulani mipopi yonse ndi kugejemula zimbudzi, thirani ndowa ya madzi pansi m'bafa muone ngati akulowera kumene ayenera kulowera, ndipo gogodani matailosi mumve ngati pali olira ngati ng'oma, chomwe ndi chizindikiro choti pansi pake pali mphako. Zonse zimene mwapeza zilembedwe pa mndandanda umodzi, ndipo mugwirizane tsiku lozikonzera malipiro a nyumba yotha asanaperekedwe. Landirani mapulani osonyeza mmene nyumbayo yamangidwiradi, zikalata za magetsi, malisiti ndi zitsimikizo za zipangizo, komanso chikalata cha boma chololeza kukhalamo kumene malamulo amachifuna.

M'chaka choyamba nyumba imakhala ikukhazikika ndi kuuma, choncho timing'alu tating'ono ngati tsitsi pa pulasitala, kapena chitseko chimene chayamba kulimba potseka nyengo yamvula, zisakuopseni. Zilembeni kuti zidzakonzedwe ndalama yosungidwa ija isanaperekedwe. Mng'alu woyenera kuitanira injiniya ndi umene ukukulirakulira, umene ukutsatira mizere ya njerwa ngati masitepe, kapena umene ukuonekera mbali zonse ziwiri za khoma. Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, kwerani mu siling'i ndi tochi muone ngati pali podontha, ndipo tulukani panja muone kumene madzi a padenga akupita, chifukwa akamaima m'mbali mwa khoma amakhala akufewetsa dothi lomwe lija limene nyumba yonse yatsamirapo.

Ndikupemphani, a Mkonzi, kuti mpata ukapezeka muitane mainjiniya ndi akatswiri ojambula mapulani kuti azifotokoza m'nyuzipepala muno, m'chilankhulo chathu, mmene pulani imawerengedwera ndi zimene mgwirizano wa zomangamanga uyenera kukhala nazo, popeza ambiri mwa anthu amene amabwera kwa ine ndi mafunso awiri aja sadagwirepo m'manja pulani kapena mgwirizano wotere.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu